Dzina Limene Amalume Analemba M'kati mwa Vayolini

Pamaliro a amalume anga, a Damiano Mwale, anthu ananama kwambiri, ndipo ine ndinakhala pa benchi yachiwiri ndikumva mabodzawo mtima ukuwira. Mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosayambana ndi aliyense. Mayi wina wa m'kwaya anati anali kalipentala wathu wokhulupirika, wotikonzera mipando ya m'holo. Kenaka anawerenga khadi yochokera ku shopu ya mavayolini ya m'kati mwa London, kumene amalume anagwira ntchito zaka makumi atatu. Khadiyo inali ndi mawu ochepa. Ankati akukumbukira wantchito wawo wakale amene ankathandiza m'chipinda cha kumbuyo. Anthu anagwedeza mitu, wina kumbuyo kwanga mpaka kunong'ona kuti azungu aja ndi aulemu, onani akumbukira.

Ankathandiza! Liwu limeneli ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe izi.

Amalume sanali ofatsa. Anali munthu waukali, wa pakamwa pakuthwa, ndipo theka la mpingo wathu wa ku Ilford anayambana nalo. Pamene kwaya inagula kiyibodi, iwo anaitcha wailesi ya mano, n'kunena pamaso pa onse kuti chinthu chimene chimafa magetsi akathima si choyimbira. Woyang'anira kwaya anakhala miyezi osawapatsa moni. Ukawapatsa mpando kunyumba kwako, ankayamba autembenuza kuti aone mmene anaulumikizira, ndipo akapeza misomali pamene panafunika mphako, ankakhala pa mpandowo ngati wawakhazika pa zinyalala. Chilichonse cha thabwa ankachigogoda ndi chala n'kutchera khutu: chitseko, tebulo, benchi ya m'tchalitchi nthawi ya ulaliki. Ngakhale m'chipatala cha ku Romford, kutatsala masiku awiri kuti atisiye, anagogoda kakabati ka pambali pa bedi n'kundiuza monyansidwa kuti ndi utuchi womata chabe, ndiwachotsere pafupi.

Zikhadabo zawo zinali zofiirira ndi vanishi, sopo sankazitha. M'thumba la shati munkakhala pensulo ndi kagalasi kakang'ono ka mpini, konga ka dokotala wa mano. Munthu wodzola mafuta m'manja sankamulola kukhudza thabwa lawo. Guluu ankachita kutenthetsa okha, wa zikopa, wonunkha ngati nyama yoiwalika, ndipo nkhondo yawo ndi akazi awo, anti a Felista, inali ya kapoto kamodzi ka tiyi kamene amalume ankaba kukhitchini. Anti akagula kena, amalume ankati katsopanoko n'kabwino kuposa kakale, n'kukatenganso.

Ntchitoyi anaiyambira kwathu ku Katete, pa mishoni. Panali wansembe wina wachifalansa amene ankaphunzitsa ukalipentala, ndipo kwawo bambo ake anali mmisiri wa mavayolini. Wansembeyo anali ndi vayolini imodzi m'bokosi. Chaka china mvula itachuluka, chinyontho chinaimatula mpaka mimba yake kutseguka. Anaitana amalume, poti manja awo anali odekha kuposa a anzawo onse, ndipo anaikonza awiriwiri kwa mwezi wathunthu. Amalume ankati kuyambira tsiku limene anaona m'kati mwa chinthu chija, matebulo ndi zitseko zinawatopetsa.

Ku London anabwera motsatira anti, amene anapeza ntchito ya unamwino. Ku shopu ija anawalemba kuti azisesa ndi kukhoma mabokosi. Tsiku lina mwini shopu anapeza kuti mng'alu umene iye mwini anaulephera, wosesa uja wautseka osaoneka n'komwe. Kuyambira pamenepo anawapatsa benchi yogwirirapo ntchito m'chipinda cha kumbuyo, chopanda zenera. Oyimba otchuka ankabweretsa zoyimbira zawo zosweka, amalume n'kuzikonza. Eni ake akabwera kudzatenga, bwanayo ankavala epuloni, n'kutuluka akupukuta manja ndi kansanza ngati wangochoka pa ntchito. Amalume ankamva kuseri kwa chitseko akumuthokoza. Zaka makumi atatu.

Kuseri kwa nyumba imene ankachita lendi ku Ilford kunali shedi, ndipo m'menemo ndi mmene ndinamva za Mfalansa wawo. Osati wansembe uja ayi, uyu anali mmisiri wakale wa mavayolini, wa zaka mazana awiri zapitazo. Dzina lake sindililemba pano, latchuka mokwanira. Amalume ankamukamba ngati munthu wa nyumba yoyandikana amene amamusirira koma sagwirizana naye. Ankati anabadwira m'katauni kamene khomo lililonse ankasema mavayolini, anagwira mpeni asanadziwe kulemba, kenaka anapita ku Paris n'kuyamba kutsanzira amisiri akale a ku Italy mpaka anthu analeka kusiyanitsa. Zambiri sanaziwerenge m'buku. Anamudziwira m'zoyimbira zake zimene zinadutsa pa benchi yawo. Ankati munthuyo anali wa phuma: kunja kosalala ngati tsaya la mwana, koma m'kati, mosaona anthu, mipeni yake inkasiya zipsera. Ankamutamanda pa kasemedwe ka mutu wa vayolini, wopiringizika ngati chigoba cha nkhono, ndi pa kamtengo kakang'ono kamene kamaima m'kati pakati pa mimba ndi msana, kamene Afalansa amakatcha mzimu. Ankati ukakasuntha pang'ono chabe, vayolini imasintha mawu ngati munthu wa chimfine.

Koma chimene chinkawakwiyitsa ndi ichi. Mfalansayo atakula n'kutchuka, anadzaza nyumba ndi antchito. Amalume ankati ukatsegula vayolini ya masiku amenewo umapeza manja a anthu atatu, dzina limodzi. Mwa antchitowo panali mmodzi amene amalume ankamuzindikira, wamanzere, wosathamanga, wosalaza ngakhale malo obisika. Palibe akudziwa kuti anali ndani. Amalume ankangomutcha mnzanga. Vayolini ya manja ake ikabwera ku shopu, madzulo ankafika kunyumba ali osangalala, n'kuuza anti kuti lero ndacheza ndi mnzanga uja.

Anthu ambiri a mumpingo anawadziwa amalume ntchito itatha kale, akukonza mipando ndi timavayolini totchipa ta ana a sukulu a m'dera lathu, uku akukalipira makolo chifukwa chosiya zoyimbira pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba. Chimene chinathetsa ntchitoyo ambiri amachidziwa mwa mphekesera. Ine ndinalipo.

Amalume anapanga vayolini imodzi yokha pa moyo wawo. Inawatengera zaka zinayi, Loweruka ndi Lamlungu akachoka kutchalitchi, potsatira miyeso ya Mfalansa uja. Asanatseke mimba yake, analemba ndi pensulo kunsi kwa thabwa, pamwamba pafupi ndi khosi, malo amene sungaone pokhapokha ukudziwa. Itatha anapita nayo ku shopu kuti bwana aione. Bwanayo anaitembenuza nthawi yaitali, kenaka anati isiyeni kuno, oyimba aziyesako. Patapita miyezi anawauza kuti sukulu ina yaigula, n'kuwapatsa kaenivelopu. Amalume sanadandaule. Ankati bola pali mwana penapake amene akuphunzirira pa chinthu chabwino.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, foni yanga inalira ndili pa ntchito ku Romford.

"Enelesi, Loweruka uli pa ofu?"

"Eya, amalume. Kwagwanji?"

"Undiperekeze ku Greenwich. Chizungu changa chimathawa ndikakwiya."

Tinakumana pa siteshoni m'mawa. Anavala suti ya kutchalitchi, m'manja bokosi la vayolini. Shopu inkawatuma nthawi zina kukapereka zoyimbira zimene zakonzedwa, ndipo iyi inali ya mtsikana wina wophunzira zoyimba, dzina lake Klara. M'sitima ndi mmene anandiuza. Vayolini imene mtsikanayo anabweretsa kuti aimate pamene panamatuka inali yawo ija. Wina anaikanda vanishi mwaluso kuti ioneke yakale, anaidetsa m'makona, ndipo m'kati, poonekera pa kabowo ka pamimba, anamatamo kapepala kachikasu ka dzina la Mfalansa uja. Anaigulitsa kwa mtsikanayo ndi shopu yomweyo.

Nthawi imeneyo anti anali atayamba kudwala impso, ndipo amalume anatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pa ntchito. Ndinachita mantha.

"Amalume, zisiyeni. Mtsikanayo akusangalala, inu ntchito muli nayo. Ganizirani anti."

"Iwe ndiwe namwino," anatero. "Ukapeza botolo la mankhwala alembapo dzina lina, umakhala chete chifukwa wodwala akumwetulira?"

"Koma apa palibe amene afe."

"Manje ukudziwa bwanji?"

Klara anatilandira m'kachipinda kake ka pamwamba, kodzaza mapepala a nyimbo. Anali wamng'ono thupi, wansangala, ndi chipsera chakuda pansi pa chibwano pamene vayolini imakhala. Anatsegula bokosi, n'kuigwira ngati khanda. Anatiuza kuti makolo ake anadzimana zaka zambiri kuti amugulire, ndipo aphunzitsi ake amati m'kalasi monse palibe ina yolira ngati imeneyi.

Amalume anatulutsa kagalasi kawo ndi katochi. Analowetsa kagalasiko pa kabowo mosamala, n'kumukodola mtsikanayo kuti asuzumire. Anasuzumira nthawi yaitali. Anafunsa kuti mawuwo ndi a chinenero chanji, akutanthauza chiyani. Ndinasuzumiranso ine, ndipo ndinaona kalembedwe ka amalume, kopendekera kaja: Damiano Mwale, wa ku Katete, ndinapanga ndi manja anga ku Ilford. Ndinamumasulira.

Anafunsa kuti Damiano Mwale ndi ndani. Amalume anadzigwira pachifuwa.

Mtsikanayo anawayang'ana nkhope, kenaka zikhadabo, kenaka ine. Magazi anamuthawa kumaso. Anafunsa ngati tikutanthauza kuti vayolini yake ndi yabodza.

"Umuuze kuti chabodza ndi kapepalako basi," anatero amalume. "Thabwa ndi lenileni, guluu ndi weniweni. Umuuze ayimbe."

Sankafuna, koma amalume anaima pomwepo osasuntha. Mtsikanayo anaiika pakhosi misozi ikutsika, n'kuyamba nyimbo ina yapang'onopang'ono. Ine za nyimbo zimenezi sindidziwa kanthu, koma tsitsi linandiimirira. Kachipinda konse kanadzaza, mpaka mazenera ankaoneka ngati akunjenjemera. Amalume anatsinzina. Aka kanali koyamba kumva ntchito yawo m'manja mwa munthu wodziwa kuyimba, ndipo nkhope yawo yaukali ija inamasuka ngati ya munthu amene wafika kwawo.

Pakati pa nyimbo mtsikanayo analeka. Anaitsitsa, n'kunena kuti sikumvekanso ngati kale.

Amalume anatsegula maso. "Umuuze kuti dzulo inalira chimodzimodzi. Chimene chawonongeka ndi khutu lake. Umuuze kuti ngati amayimba kapepala, akagule kapepala."

Ndinatembenuka kwa mtsikanayo, ndipo ndinamuuza m'Chingerezi kuti amalume akuti pepani kwambiri.

Chimenechi sindidzadzikhululukira. Amalume Chingerezi ankachimva bwinobwino. Anabweza kagalasi m'thumba, anawerama pang'ono kwa mtsikanayo, n'kutsika masitepe. Ulendo wonse wobwerera sanandiyang'ane. Titafika pa Stratford posinthira sitima, ndi pamene analankhula.

"Ine sindinapepese, Enelesi. Zaka makumi atatu munthu wina wakhala akulankhula m'malo mwanga. Sindinkadziwa kuti nawenso."

Zotsatira zake zinayenda mwakachetechete, mmene zimayendera zinthu za anthu olemera kuno. Bambo ake a Klara anapita ku shopu ndi kalata ya loya. Bwana uja anati nayenso ananamizidwa ndi wamalonda wina wa kunja, anawabwezera ndalama zawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Mtsikanayo anabweza vayolini ija n'kugula ina ya kapepala koona. Pasanathe mwezi amalume anauzidwa kuti ntchito yachepa. Anayenda m'mashopu ena, koma anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa ndipo amamwera tiyi pamodzi. Aliyense anawalandira mwaulemu n'kuwaperekeza pakhomo. Atabwerera kukapempha vayolini yawo, anapeza mwana wa bwanayo pa kauntala, yemweyu amene watumiza khadi pamaliro, ndipo anawauza kuti vayolini yotero sakuidziwa.

Azunguwo sindikuwadabwa kwenikweni. Amene amandiwawa ndi ife. Mumpingo anthu anati a Mwale ndi odzikonda, kuno tinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzaphunzitsa eni dziko chilungamo. Anti atamwalira chaka chotsatira, amayi ena ankanong'onezana kukhitchini ya pa maliro kuti anawapha ndi maganizo, mwamuna kutaya ntchito chifukwa cha gitala. Ankati gitala. Mwana wawo, msuweni wanga Pius, amene anakulira kuno ndipo Chinyanja amamva koma amayankha m'Chingerezi, anawauza bambo ake pa tebulo kuti vuto lawo n'lakuti ndi wantchito amene amadziyesa bwana. Amalume anaika supuni pansi, anapita ku shedi, ndipo awiriwo sanalankhulane chaka chathunthu. Anthu omwewa ndi amene anaimirira m'tchalitchi kunena kuti malemu anali ofatsa. Anawafatsitsa atafa, poti ali moyo anawalephera.

Anti okha ndi amene sanawadzudzule. Ndinawafunsa tsiku lina ali pa makina otsuka magazi ngati anakhumudwa. Anaseka mofooka n'kunena kuti munthu amene anawabera mapoto zaka zonsezi kuti apange chinthu chimodzi, akanakhala chete akanamuthamangitsa okha.

Ndipo amalume nawonso ndawakwiyira. Sanapangenso ina. Matabwa a vayolini yachiwiri anali nawo, ouma bwino, ogula kalekale. Manja anali akadali olimba, maso akuona. Ndinawapempha kangapo.

"Amalume, pangani ina. Mulembe dzina lanu poonekera. Ine ndidzaisunga."

"Kuti uikhazike pamwamba pa kabati ngati duwa la pulasitiki?"

"Tidzapeza woyimba."

"Ndinapanga kale, Enelesi. Ilipo. Kaya ili m'kabati ya munthu uja, kaya aimatanso kapepala kena ikulira ku dziko lina. Tsiku lina idzamatuka, ndipo wina adzaitsegula. Ameneyo adzandidziwa."

"Nanga ife amene tili pano?"

Anatenga mwendo wa mpando wa m'holo n'kupitiriza kupala. Zaka khumi ndi ziwiri manja amenewo anathera pa mipando yopinda ya mpingo. Ena adzati kunali kudzichepetsa. Ine ndikuti kunali kunyanyala, ndipo amene anawanyanyalira sanazindikire n'komwe. Amene tinataya ndi ife.

Maliro atatha, landilodi anatipatsa masabata awiri kuti tichotse katundu. Ine ndinali pa mashifiti otsatizana, ndipo pamene ndinkafika Pius anali atamaliza. Zipangizo anazipereka kwa munthu wogula zakale pa msika wa ku Romford. Matabwa aja anawaponya m'bini ya zinyalala za m'munda, akuti ankaganiza kuti ndi nkhuni. Sindinamukalipire. Ndinaona kuti maso ake anali otupa, ndipo mawu amene ndinali nawo akanatilekanitsa mpaka kalekale.

Sabata yatha ndinapita kukabweza makiyi. Landilodi anali komweko, ndipo anandionetsa shedi monyadira. Waipaka penti yoyera, makoma ndi denga lomwe. Pansi wayala kapeti yotuwa, koma ukaponda pafupi ndi khoma la kumanzere phazi limalowa pang'ono, pamene simenti inadyeka ndi kuimapo kwa munthu mmodzi. Waikamo bedi la munthu mmodzi, kafiriji ndi ketulo. Akuti Lolemba mulowa mnyamata woyendetsa njinga yoperekera zakudya. Munkanunkha penti yokhayokha.

Pakati pa denga pali kangowe kachitsulo. Pamenepo ndi pamene vayolini ija inalendewera chilimwe chonse, vanishi akuuma. Wopenta sanavutike kukazula, anangokapaka penti pamodzi ndi denga. Landilodi anaona ndikukayang'ana, anakakoka ndi chala kuti aone kulimba kwake, n'kunena kuti amene anakakhoma ankaidziwa ntchito, mnyamatayo azidzakolekapo jekete.